Kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia: zinayamba pafupifupi zofanana, nanga zinasiyana pati?

Mkangano uwu sutha mu Mzuzu muno, makamaka pakati pa anthu a geni amene amadutsa pa Jenda kulowera ku Lundazi kapena amene amakwera za ku Chitipa kukatulukira ku Nakonde. Wina amati kwacha ya Zambia ndi yamphamvu kuposa yathu kutalitali chifukwa kuti upeze imodzi yokha umatulutsa zathu zoposa K60, ndipo imeneyo ndi reti ya ku banki, panja ndiye osanena. Wina, makamaka achikulire amene ankayenda ku Chipata zaka za m'ma 2000, amakana kwamtuwagalu, amati ife tikukumbukira bwinobwino kuti ukasintha K1,000 ya kuno ankakupatsa masauzande ambirimbiri a ku Zambia mpaka osakwana m'thumba la malaya. Onsewa palibe akunama. Kungoti nambala imene timaiona pa bolodi ija imabisa zinthu zingapo, ndiye tiyeni tizimasule chimodzichimodzi, modekha.

Reti ndi chiyani kwenikweni

Reti ndi mtengo basi. Ndi mtengo wa ndalama ya dziko lina ukamaigula ndi ndalama ya kwanu. Akati dola ili pa K1,751 akutanthauza kuti dola imodzi ikugulitsidwa pa mtengo umenewo, monga mmene mulu wa usipa umakhalira ndi mtengo wake pa msika wa Zigwagwa. Usipa ukachuluka ku Nkhata Bay ndi ku Usisya mtengo umatsika, nyanja ikavuta ndi mwera mabwato osalowa, usipa umasowa ndipo mtengo umakwera, ngakhale wogulitsayo akhale wopemphera bwanji. Dola nayo ndi chimodzimodzi, ili ndi oibweretsa ndi oifuna. Oibweretsa ndi amene amagulitsa katundu kunja, mabungwe othandiza, abale athu a ku Joni amene amatumiza kangachepe kumudzi, ndi ngongole zimene boma latenga. Oifuna ndi oitanitsa mafuta, feteleza, mankhwala, magalimoto, zitenje za pa msika wa Taifa, komanso boma lomwelo ikafika nthawi yobweza ngongole zija.

Tsono pakati pa kwacha ziwirizi, mabanki sakhala pansi n'kuyerekeza Malawi ndi Zambia mwachindunji, amadzera pa dola. Mwachitsanzo chakumapeto kwa 2024 dola inali pa K1,751 kuno, ku Zambia inali cha m'ma 27. Mukagawa 1,751 ndi 27 mupeza 65, ndiye kuti kwacha imodzi ya Zambia inali K65 yathu. Izi zikutanthauza kuti reti ya pa boda ikhoza kusintha kuno kusanachitike kalikonse, kungoti ku Lusaka kwacha yawo yakwera kapena yatsika pa dola.

Nthawi imene ndalama inali imodzi

Achinyamata ambiri sadziwa kuti mayiko awiriwa ankagwiritsa ntchito ndalama imodzi. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, munthu wochoka ku Mzimba kukagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe kapena ku Salisbury ankalandira paundi yomweyo imene ankagulira mchere kwawo, panalibe zosinthitsa. Paundi imeneyo inali yofanana ndendende ndi ya ku Britain, mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi, makobiri 12 ankapanga shilingi. Agogo athu akamatchula tiki amanena kandalama ka makobiri atatu ka nthawi imeneyo.

Chitaganya chitatha, Malawi inalandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October chaka chomwecho, ndipo aliyense anakhazikitsa banki yake yayikulu ndi paundi yakeyake. Reserve Bank of Malawi inayamba ntchito mu 1965 ku Blantyre. Koma mapaundi onsewa anali omangiriridwa ku paundi ya Britain. Kumangirira ndi pamene boma lalengeza kuti ndalama yathu izikhala pa mtengo wakutiwakuti poyerekeza ndi ndalama inayake yayikulu, ndipo banki yayikulu ikulonjeza kuti aliyense wololedwa akabwera imusinthira pa mtengo umenewo. Lonjezo limeneli limayenda bwino ngati m'nkhokwe za banki muli ndalama zakunja zokwanira, zikatha ndi pamene mavuto amayambira.

Kusiyana koyamba kunabwera mu November 1967. Britain inagwetsa paundi yake kuchoka pa madola 2.80 kufika pa 2.40, ndipo mayiko onse amene anamangirira ku paundiyo anayenera kusankha. Malawi inatsatira Britain, Zambia inakana chifukwa nthawi imeneyo kopa ankalowetsa ndalama zambiri ndipo sinaone chifukwa chotsikira. Kenako mu January 1968 Zambia inasiya mapaundi n'kuyambitsa kwacha ndi ngwee, Malawi inachita zomwezo mu February 1971 ndi kwacha ndi tambala. Konsekonse masamu anali amodzi, paundi imodzi inasanduka makwacha awiri. Ndiye werengani nokha: kwacha ya Zambia inabadwa ili madola 1.40, ya Malawi madola 1.20. Inde, munawerenga bwino, kwacha imodzi inali yoposa dola. Ndipo pakati pa ziwirizi kusiyana kunali kochepa zedi, kwacha imodzi ya Zambia inali ngati K1.17 yathu.

Apa ndiikepo ndemanga pang'ono chifukwa anthu amakonda kunena kuti onani nthawi ya Kamuzu kapena ya Kaunda ndalama inali yamphamvu kuposa dola. Nambalayo ndi yoona, koma inachokera pa masamu ogawa paundi pawiri aja. Akanasankha kuigawa pakhumi, kwacha ikanabadwa ili pansi pa dola tsiku loyamba lomwelo, chuma chili chomwecho. Komanso masiku amenewo sumangolowa m'banki n'kugula dola ngati ukugula buledi, pankafunika chilolezo, ndipo katundu wambiri wakunja ankalowa ndi chilolezo. Chimene chinali chenicheni n'chakuti mitengo sinkathamanga ngati lero.

Kumangirira kunasinthasintha m'zaka zotsatira. Malawi inachoka pa paundi mu 1973 n'kumangirira pa paundi ndi dola pamodzi, mu 1975 inapita pa muyeso wotchedwa SDR wa IMF, bungwe la dziko lonse loona za ndalama, ndipo mu 1984 inamangirira pa gulu la ndalama zisanu ndi ziwiri za mayiko amene timachita nawo malonda. Zambia inapita pa dola mu 1971, kenako pa SDR mu 1976. Mpaka 1980 onse awiri dola ankaigula ndi ndalama yosakwana kwacha imodzi, cha m'ma 80 tambala kuno ndi cha m'ma 80 ngwee uko, ndipo dola inadzadutsa kwacha imodzi cha m'ma 1982 ndi 1983 m'mayiko onse awiri. Mpaka apa anali akuyendabe limodzi.

Kopa ndi fodya

Kuti timvetse zimene zinachitika pambuyo pake tiyenera kufunsa kuti madola a dziko lililonse amachokera kuti. Zambia ndi kopa. Zaka za m'ma 1970 ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse zimene dzikolo linkapeza pogulitsa katundu kunja zinkachokera ku migodi, ndipo boma la Kenneth Kaunda linali litatenga 51 peresenti ya makampani a migodiwo. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa kwambiri pa msika wa dziko lonse, nthawi yomweyo mafuta anali atakwera, boda ya ku Rhodesia inali itatsekedwa kuyambira 1973 moti katundu ankazungulira njira zodula, mpake njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam inali yofunika kwambiri. Boma linaganiza kuti mtengo wa kopa ubwerera posachedwa ndiye linayamba kukongola podikira. Mtengowo sunabwerere kwa zaka zambiri, ngongole ndiyo inakula.

Ife kuno ndi fodya, kenako tiyi ndi shuga. Fodya yekha amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene timapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo ali ndi nyengo yake, okushoni ya pano pa Mzuzu, ya ku Kanengo, ya ku Limbe ndi ya ku Chinkhoma zimatsegulidwa cha mu April n'kutsekedwa patatha miyezi yowerengeka. Ndiye madola amalowa nthawi imodzi, pomwe feteleza amafunika kuitanitsidwa chakumapeto kwa chaka madola aja atayamba kale kuchepa, mafuta ndiye ndi a tsiku lililonse. Nafenso tinakumana ndi zathu, nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala zaka za m'ma 1980, katundu n'kumadzera ku Durban kapena ku Dar es Salaam kudutsa ku Mbeya ndi ku Karonga, mtengo wa mayendedwe n'kukwera koopsa. Kwacha yathu inagwetsedwa kangapo m'zaka zimenezo koma pang'onopang'ono. Pofika 1990 dola kuno inali isanafike K3, ku Zambia inali cha m'ma 30. Apa ndi pamene achikulire aja anayamba kuona kwacha yathu ikugula zambiri za ku Zambia.

Kuigwetsa ndi kuisiya, si chinthu chimodzi

Mawu awiriwa amasokonezedwa kwambiri. Kugwetsa kwacha ndi pamene banki yayikulu inali itaigwira pa mtengo wina, ndiye tsiku lina ikulengeza kuti kuyambira mawa dola ili pa mtengo watsopano wokwera. Ndi chiganizo cha anthu, chili ndi tsiku ndi siginecha. Kuisiya ndi pamene banki yayikulu yachotsa manja kuti ogula ndi ogulitsa azigwirizana okha mtengo, ndiye imatha kutsika kapena kukwera tsiku ndi tsiku popanda wolengeza.

Zambia inalawa kuisiya moyambirira. Mu October 1985, pogwirizana ndi IMF, anayambitsa okushoni ya madola sabata iliyonse, wofuna dola azitchula mtengo wake. Dola inali pa 2 kwacha ndi kanthu, okushoni yoyamba yomweyo inafika pa 5, ndipo pofika April 1987 inali pa 21. Pakatipo mu December 1986 kunabuka zipolowe ku Copperbelt mtengo wa ufa utakwera. Pa 1 May 1987 Kaunda anathetsa mgwirizano ndi IMF n'kulamula kuti dola ikhale pa 8 kwacha. Lamulo linagwira pa pepala koma madola anasowa, ndipo patapita zaka zochepa anabwereranso ku IMF komweko. Frederick Chiluba atapambana mu 1991 anatsegula zonse, ma bureau analoledwa, malamulo oletsa kutulutsa ndalama zakunja anachotsedwa mu 1994. Zaka zimenezo mitengo ya zinthu ku Zambia inkakwera kuposa kawiri pa chaka chimodzi, moti pofika 1996 dola inali itadutsa 1,000, pofika 2002 inali pa 4,000 ndi kanthu.

Ife tinaisiya mu February 1994, miyezi yochepa chisankho cha matipati ambiri chisanachitike, pasanapite nthawi yaitali mayiko othandiza ataimitsako thandizo mu 1992. Dola inachoka pa K4 ndi kanthu n'kufika cha m'ma K15 chaka chisanathe. Mu August 1998 inagwanso kwambiri, mu 1999 tinali m'ma K40, mu 2004 tinali titadutsa K100. Nthawi ya Bingu wa Mutharika kwacha inagwiridwanso, inakhala cha m'ma K140 mpaka K150 kwa zaka zingapo. Iye ankakana kuigwetsa ponena kuti ovutika ndi amphawi chifukwa zinthu zonse zikwera, a IMF ndi ena ankati mtengowo si weniweni ndipo ndi umene ukusowetsa madola. Mu 2011 zinthu zinathina, fodya sanagulidwe bwino, Britain inaimitsa thandizo la bajeti kazembe wake atathamangitsidwa, mizere ya mafuta inali ponseponse anthu akugona pa filing'i ndi zigubu. Kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali m'gulu la madandaulo a zionetsero za pa 20 July 2011, zimene zinaphetsa anthu 20 ndipo ambiri mwa iwo anali a mu Mzuzu muno, ena anaikidwa ku manda a ku Zolozolo. Nkhani ya reti anthu a kuno sitiimva ngati ya m'mabuku ayi.

Bingu atamwalira mu April 2012, boma la Joyce Banda linagwetsa kwacha pa 7 May kuchoka pa K168 kufika pa K250 n'kuisiya. Mafuta anayamba kupezeka, mitengo nayo inakwera kwambiri, ndipo mbali zonse ziwiri za mkangano wa kugwetsa kwacha uja zinapeza umboni wake. Kuyambira 2016 mpaka 2019 dola inakhazikika m'ma K700. Kenako mu May 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti n'kudutsa K1,000, ndipo pa 9 November 2023 kunabwera ya 44 peresenti ija aliyense akuikumbuka, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, patangotsala masiku ochepa kuti IMF ivomereze ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni.

Pa 44 peresenti ija pali kamsampha ka masamu. Kuchoka pa 1,180 kufika pa 1,700 ndi kuwonjezera 520, ndipo 520 ndi 44 peresenti ya 1,180, ndiye chimene chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Koma mukafunsa kuti kwacha yataya mphamvu yochuluka bwanji yankho ndi lina. Munthu amene anali ndi K1,180,000 dzulo lake akanagula madola 1,000, m'mawa mwake ndalama yomweyo inkagula madola 694, ndiye wataya pafupifupi 31 peresenti. N'chifukwa chake za 2012 zija ena amalemba 49 peresenti ena 33 peresenti, onse akunena chinthu chimodzi, wina wayang'anira ku dola wina ku kwacha.

Kudula maziro

Apa ndiye pagona yankho la mkangano wa anthu a geni uja. Pofika 2012 dola ku Zambia inali pa 5,000 ndi kanthu, pepala lawo lalikulu linali la K50,000 ndipo linali ngati madola 10 okha, malipiro a mphunzitsi ankatchulidwa m'mamiliyoni. Kuno nthawi yomweyo, tisanagwetse mu May, kwacha yathu imodzi inkagula makwacha a ku Zambia pafupifupi 30. Ndiye pa 1 January 2013, nthawi ya Michael Sata, Zambia inadula maziro atatu. K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano, K50,000 inakhala K50, dola inachoka pa 5,000 ndi kanthu n'kukhala pa 5 ndi kanthu, ngwee zimene zinali zitaiwalika zinabwerera. Ndalama zakale ndi zatsopano zinayendera limodzi miyezi isanu ndi umodzi, m'mashopu mitengo ankalemba pawiri.

Kudula maziro sikulemeretsa munthu. Amene ankalandira 2,000,000 anayamba kulandira 2,000, thumba la ufa limene linali 50,000 linakhala 50, zonse zinagawidwa ndi nambala imodzi. Phindu lake ndi lakuti kuwerenga kumaphweka, makina a m'mabanki ndi mabuku a akawunti sadzaza maziro, ndipo munthu sunyamula chikwama chonse pokagula njinga. Koma usiku umodzi womwewo nambala ya pa boda inatembenuka, dzulo kwacha yathu ikugula zawo zoposa khumi, lero yawo imodzi ikugula zathu zoposa 60. Amene anayamba geni ya ku Zambia 2013 itadutsa sanaone za kalezo, ndiye akamva achikulire amangoti ndi nthano.

Tsono tayesani kubwezera maziro aja muone. Dola ya pa 27 ija m'ndalama yakale ndi 27,000. Kwacha ya Zambia inabadwa dola ili pa 71 ngwee, ndiye kuti mtengo wa dola wakwera maulendo oposa 30,000 chibadwire chake. Yathu inabadwa dola ili pa 83 tambala, kufika pa K1,751 ndi maulendo 2,000 ndi kanthu. Mukawerengera kuchokera pachiyambi, ya Zambia ndiyo inagwa kwambiri, makamaka pakati pa 1985 ndi 2000. Mukawerengera kuchokera mu January 2013 mupeza chinthu chodabwitsa, nthawi imeneyo dola kuno inali m'ma K300 ndi kanthu, uko 5 ndi kanthu, kugawa kwake ndi 60 ndi kanthu, chimodzimodzi ndi 65 ya kumapeto kwa 2024 ija. Ndiye kuti pa reti ya ku banki, m'zaka zimenezo zonse ziwiri zinagwa pafupifupi mofanana, kasanu kasanu.

Ife maziro sitinadulepo, timangowonjezera mapepala akuluakulu. K500 inabwera mu 2001, K1,000 mu 2012, ndipo amene muli nayo m'thumba taitembenuzani muone kumbuyo, nkhokwe za chimanga zajambulidwa pamenepo ndi za pano pa Mzuzu. K2,000 inabwera mu 2016, K5,000 mu 2022. K5,000 imeneyi itangotuluka inali ngati madola 6, pa reti ya K1,751 sikwananso madola atatu. Mpake ogula nyemba ndi chimanga ku Jenda amayenda ndi mitolo yomanga ndi malabala m'zikwama zapamsana, kuwerenga kokha mpaka chala kuuma. A Rose Chibambo pa K200 ndi Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20 tikuwaona mwa apo ndi apo tsopano, za tambala ndiye ana a masiku ano amangozimva m'kalasi. Ku Zambia nakonso mu March 2025 anatulutsa mapepala atsopano kuphatikizapo K200 ndi K500, chizindikiro chakuti ngakhale udule maziro, mitengo ikamakwera amayamba kumeranso.

Reti ya ku banki ndi reti ya pa bulaki

Masamu onse ndachita pamwambawa ndi a reti ya ku banki, ndipo aliyense wa geni andiuza kuti bwana, dola ya K1,751 mwaionapo kuti? Funso lake ndi loona. Bulaki imabadwa pamene mtengo wolengezedwa uli pansi kuposa umene anthu ali okonzeka kulipira, ndipo katundu wake ndi wosakwanira. Dziko lathu limagulitsa kunja katundu wa madola pafupifupi 1 biliyoni pa chaka koma limaitanitsa wa pafupifupi 3 biliyoni, dzenje limeneli limakwiriridwa ndi thandizo, ngongole ndi zotumiza abale. Zimenezi zikachepa, banki imayamba kusankha woti imupatse, mafuta ndi mankhwala patsogolo, mayi wa zitenje pa Taifa adikire. Mayiyo sangadikire miyezi, shopu itsekedwa, ndiye amakwera basi mpaka pa boda ya Songwe kumene anyamata osintha ndalama amakhala ndi mitolo ya mashilingi a ku Tanzania m'manja ndi foni yowerengera, reti amakuuza pomwepo ndipo mawa si yomweyo. Kuyambira March 2024 mpaka mu 2025 reti ya ku banki inakhala pa K1,751 osasuntha, pomwe ya panja inadutsa kawiri pa imeneyo. Tiyerekeze kuti panja dola ili pa K4,000, kugawa ndi 27 yomwe ija kwacha ya Zambia ikukhala K148, osati K65. Mitengo ya m'mashopu ambiri imatsatira reti imene mwini shopu anagulira ndalama, osati ya pa bolodi.

Ku Zambia kusiyana kotereku ndi kochepa chifukwa kuyambira zaka za m'ma 1990 amaisiya kwacha kuti iziyenda ndi msika. Ululu wake amaumva mwanjira ina, imagwa poyera aliyense akuona. Mu 2015 mtengo wa kopa utatsika ndipo magetsi akuvuta, dola inachoka pa 6 ndi kanthu n'kudutsa 12, mpaka Edgar Lungu anaitanitsa tsiku la mapemphero pa 18 October. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole yake, ndipo pakati pa 2021 dola inali pa 22. Koma imathanso kukwera, zimene ife sitiziona kawirikawiri. Ngongole zawo zambiri zitakhululukidwa mu 2005 kopa n'kukwera mtengo, dola inatsika kuchoka m'ma 4,700 kufika pansi pa 3,500. Hakainde Hichilema atapambana mu August 2021 dola inachoka cha m'ma 19 kufika cha m'ma 16 m'masabata ochepa, kenako kwacha inagwanso dola n'kufika pa 27 ndi 28 nthawi ya chilala cha 2024, n'kudzalimbanso mu 2025. Wa bizinesi wa ku Lusaka dola amaipeza koma sadziwa kuti mwezi wamawa idzakhala pa zingati. Wa ku Mzuzu mtengo wa ku banki amaudziwa pamtima koma dolayo saipeza.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi lomwe lija la 2011, kodi kwacha igwiridwe kapena isiyidwe? Ofuna kuisiya amati reti ziwiri zimalanga mlimi wa fodya ndi aliyense wogulitsa kunja, chifukwa gawo lina la madola ake amasinthidwa pa mtengo wotsika pomwe zipangizo akugula pa mtengo wa bulaki, komanso zimapatsa mpata amene ali ndi njira yopezera dola ku banki kuti akaigulitse panja. Okana amati tinagwetsa mu 2012, mu 2022 ndi mu 2023, nthawi zonse mitengo inakwera, malipiro anatsalira, bulaki inangothawira kutsogolo, ndipo katundu wogulitsa kunja sanachuluke chifukwa fodya sumudzala kawiri pa chaka poti reti yasintha. Ena amati vuto si reti konse koma boma kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera, ndipo bola zimenezo zilipo njira iliyonse ilephera. Mgwirizano wa IMF wa 2023 uja unatha mu May 2025 usanafike kumapeto, ndiye nkhani ya reti idzakhalanso pa tebulo pa zokambirana zilizonse zatsopano, limodzi ndi ya ngongole zathu zakunja zimene zikufunika kukonzedwanso ngati mmene Zambia inachitira ndi mayiko amene inawakongola madola 6.3 biliyoni mu 2023.

Palinso funso la migodi. Anthu akuyembekeza kuti Kayelekera ku Karonga, Kanyika ku Mzimba ndi malo ena adzabweretsa madola ngati kopa wa ku Zambia, koma mbiri ya Zambia yomweyo ikuonetsa mbali ziwiri, kopa anaikweza kwacha mu 2006 ndipo ndi yemweyo anaigwetsa mtengo wake utagwa mu 1975 ndi mu 2015. Kodi madola a m'migodi adzalowa m'mabanki a kuno ochuluka bwanji, nanga dziko lidzasungako pa zaka zabwino? Ku Zambia nako akufunsana ngati kulimba kwa 2025 kudzakhalitse mtengo wa kopa ukadzatsikanso, komanso chifukwa chake mitengo ya m'mashopu sitsika msanga kwacha ikalimba.

Nanga Malawi idule maziro? Ena akuti nthawi yakwana poona mitolo imene anthu akunyamula, ena akuti kudula mitengo ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka ngati mu 2024 ndi 2025 ndi kungotaya ndalama zosindikizira, bola kutulutsa pepala lalikulu kuposa K5,000 kapena kulimbikitsa kulipira pa foni. Ndipo amalonda a m'maboda amafunsa lawo, kuti bwanji Malawi ndi Zambia, kapena Malawi ndi Tanzania, osamagulitsana mwachindunji ndi ndalama zawo m'mabanki popanda kudzera pa dola, poti anyamata a pa Songwe ndi pa Mwami amachita kale zimenezo tsiku lililonse. Chovuta pamenepo n'chakuti dziko limene limagulitsa zambiri kwa linzake limatsala ndi mulu wa ndalama za mnzakeyo, ndiye funso limakhala lakuti ndalamazo akagula nazo chiyani kuno, ndipo pa reti iti, ya pa bolodi kapena ya panja?